Chotupa cha Kamtengo ka Pawindo

Nditalowa m'khitchini, ndinapeza akulu anga ataika kamtengo kanga ka pawindo patebulo, mpeni uli m'manja.

"Asisi, mukutani?"

"Kali ndi chotupa," anatero osandiyang'ana. "Taona patsindepa, chakula ngati mbatata. Tikachedwa chifalikira."

Chitulukireni ine m'chipatala, asisi sanakhale pansi. Anachapa makatani, anakolopa mpaka kunsi kwa bedi, koma pachifuwa panga, pomwe madokotala anachotsa bere, anali asanayang'anepo ngakhale kamodzi.

"Amenewo si matenda," ndinatero. "Kamtengo aka ndi kachibale ka mabulosi abuluu ogula m'sitolo aja. Kwawo, m'nkhalango za kumaiko otentha, kamamera panthambi za mitengo ina, popanda dothi. Ndiye madzi kamasunga m'chotupamo. Mukachidula, basi kafa."

Asisi anakayang'anitsitsa. Dzanja lawo lina linali litagwira mphika wa kamtengoko, pansi pa timaluwa take tofiira, tolendewera ngati timabelu.

"Ndiye kuti pali zotupa zina zabwino?"

"Zilipo."

"Nanga chako chija chinalekeranji kukhala chotere?"

Ndinawalanda mpeni uja, n'kutenga dzanja lawo, lokakala ndi sopo wa masiku onsewa, n'kuliika pabandeji ya pachifuwa panga. Anafuna kulichotsa ngati akhudza mbaula, koma ndinalikanikiza pomwepo.

Madzi ankadontha pampopi.

"Pakufunda," ananong'ona.

"Eetu, asisi. Mwini wake akadalipo."