Lumo la Rashidi

Rashidi anali atameta kale tsaya limodzi pamene anazindikira kuti mlendoyo sanatulutse liwu ngakhale limodzi chilowereni.

Linali Lamulungu, mwezi wa Okutobala, 1995. Msika wa pa boma la Nkhotakota unali zii, ndipo kachipinda kometeramo anthu kanali ngati uvuni. Mlendoyo anatsika matola ochokera ku Dwangwa, atanyamula chikwama chachikopa. Anapeza Rashidi akukangana ndi wailesi, imene inkabwereza mpira wa dzulo lake. Rashidi sanamupatse mpata woperekera ndi moni womwe. Anangoona ndevu, n'kumukhazika pampando, kumumanga nsalu m'khosi, kumupaka sopo, kenaka n'kupitiriza mlandu wake.

Mlanduwo unali uwu. Loweruka Rashidi anatseka chipindacho n'kukwera lole kupita ku Dwangwa kukaonerera timu yakwawo ikulimbana ndi timu ya ku Blantyre. Anaonerera wailesi ili kukhutu, monga amachitira anthu okonda mpira. Maso ankaona china, khutu linkamva china.

"Muulutsi uja, Tedson, ndi munthu woipa, achimwene," anatero Rashidi akunola lumo. "Anyamata athu akamenya bwino akuti mpira wangowagunda. A ku Blantyre akaterereka okha akuti awatchera. Nanga chigoli chija? Ofusaidi yoonekeratu, wallahi, ngakhale wogulitsa nzimbe anaiona."

Mlendo anangophethira.

"Wailesi imeneyi sinasinthe. Kale inkaimbira aja, lero ikuimbira awa, yangosintha nsalu basi. Tinapsa ndi dzuwa pamzere wa voti kuti tizimva zoona. Akuti zinthu zatsika mtengo, koma mukafunse sopo ndakupakaniyu. Tedson ameneyo atangokhala pampando uwu, lumo ili lingayambire lilime."

Apa m'pamene chete wa mlendoyo anayamba kumulemera. Chibwerereni matipate, panalibe munthu ankakhala pampando umenewo osatsutsa kapena kuvomereza. Ngakhale asodzi otopa ankapezako choyankha, sopo ali kukamwa. Rashidi anayang'ana pansi. Nsapato zopukuta bwino, zosadziwa mchenga. Anayang'ana chikwama chija. Zipi wake anali wosatsekeka bwino, ndipo munkatuluka waya wakuda wokhala ndi kamutu kachitsulo, kaja amalankhulirapo akuluakulu pamsonkhano. Pansi pake pankaoneka makina a kaseti.



Pampando womwewo, nthawi ya chipani chimodzi, mkulu wake wa Rashidi, Fakiri, anametapo munthu wina wofatsa chonchi, uku akudandaula za makadi a chipani. Sabata isanathe kunabwera galimoto. Fakiri anabwerako patapita zaka, mano atatha mkamwa, ndipo mpaka lero akamva galimoto ikuima amalowa m'nyumba. Akuti ufulu wolankhula unabwera, inde, koma panalibe amene anauza Rashidi kuti akazitape anawachotsa ntchito. Anaganiza za mkazi wake Maimuna, amene m'mawa uliwonse ankamuuza kuti pakamwa pake padzasiya ana pamtetete. Anachita mantha enieni.

Anatseka wailesi mofulumira, ngati kuti ndiyo inayamba.

Khomo linali limodzi, ndipo mlendoyo anakhala pakati pa khomolo ndi Rashidi. Kuthawa sikukanatheka. Kumusiya munthu wa boma ndi ndevu za tsaya limodzi ukanakhala mlandu wachiwiri. Kumucheka, wachitatu. 

"Komabe, bwana," anatero Rashidi ndi mawu aulemu amene sanawagwiritsepo ntchito chisankho chichitikireni, "boma likuyesetsa. Dziko si chinthu chokonza tsiku limodzi."

 Maso a mlendo anali pagalasi, osaphethira, ndipo Rashidi anadziwa kuti akuloweza nkhope yake.

"Ndiponso a Tedson ndi katswiri. Mwina ine ndinaima poipa, dzuwa linali m'maso."

Lumo linatsikira kukhosi. Kholingo la mlendo linakwera n'kutsika. Thukuta linkayenderera mpaka kusungunula sopo, koma mu Okutobala ndani sachita thukuta? Rashidi anameta khosilo pang'onopang'ono, akupuma ndi kukamwa, akupempha Mulungu mumtima kuti ngati galimoto ikubwera, ibwere ana ali ku madrasa.

Atamaliza, anamasula nsalu ndi manja awiri. Mlendo anadzuka msangamsanga, nasiya ndalama pa alumali, nanyamula chikwama chake. Anatuluka chambuyo, maso ali pa lumo. Anadutsa msewu n'kukwera basi yopita ku Salima, imene inali italiza kale injini.

Rashidi anaima pakhomo, akuganiza za amene angamusiyire makiyi a chipindacho. Basi itayamba kuyenda, mlendo anatsegula zenera n'kutulutsa mutu.

"Akulu, mwandimeta bwino, zikomo. Koma chigoli chija chinali chabwinobwino."

Rashidi anacheukira wailesi kuti aitseke. Inali yotseka kale. Mawu a Tedson ankachokera pazenera la basi, m'khosi lomwe lija linali pansi pa lumo lake.