Switi ya Chifuwa

Bambo ananyamula tambula ya mowa wanga woyamba, umene ndinafulula ndekha kuseri kwa bala yathu.

"Mowa wanji wotuwa ngati madzi?" Analawa pang'ono n'kukwinya nkhope. "Ukuwawa ngati mankhwala. Mawa ukhuthule thanki yonse."

Ndipamene ndinamva fungo la switi ya chifuwa, itatupitsa tsaya lawo. Ndinapsa mtima. Mowa umenewu ndinaulera m'chipinda chozizira ngati khanda.

Ndinatambasula dzanja. "Lavulani, bambo."

Makasitomala onse anatembenukira kwa ife.

"Iwe mwana, bala ino ndi yanga!"

"Ndi yanu ndithu. Lavulani, mutsuke m'kamwa, mulawenso."

Switi yonyowa inagwera pachikhatho changa. Anatsuka m'kamwa, anamwa, anamwanso.

"Ukadali wotuwa," anang'ung'udza motero, akundipatsa tambula kuti ndithiremo wina.