Nkhope ya Pansi

"Kumbuyoku muikeko chilumba cha Mbenji," anatero Tadala, akuloza pa laputopu ya Godwin, bwenzi lake.

Godwin ankasema ziboliboli pa kompyuta n'kumagulitsa m'maloji a ku Senga Bay. Tsikuli ankamalizitsa chiboliboli cha awiriwo atagwirana manja, choti chiikidwe pa khadi la ukwati wawo.

Foni ya Godwin italira, anatuluka panja. Tadala anayamba kuseweretsa maleya, zigawo zosanjikizana za chithunzicho. Anazimitsa nyanja n'kuyatsanso, kenako suti ya Godwin. Atazimitsa nkhope ya iye mwini, pansi pake panatulukira nkhope ina, yosemedwa mwachikondi mpaka kampata ka m'mano. Anali Jenifer, mnzake wa kukwaya.

Godwin atalowa anapeza nkhope ya Jenifer ili poyera pa laputopu.

"Zakale izo, Tada. Ndinangoiwala kufufuta."

"Zakale? Ndolo wavalazi ndinamugulira ndine ku Khombedza mwezi wathawu."

Godwin anatambasula dzanja kuti afufute Jenifer, koma Tadala anamutsekereza. Anafufuta nkhope ya iye mwini, n'kusiya ya Jenifer, n'kunyamula chikwama.

"Musavutike, bambo. Chatsala n'kusintha dzina pa khadipo basi."