Mpira Wakuda

Patebulo la pulu panatsala mpira wakuda wokha, koma Sajeni atawerama ndi ndodo yake anaona mipira iwiri.

Ali ku usilikali ankatha kuwombera chitsekerero cha botolo ataima kutsidya kwa bwalo. Tsopano ng'ala inali itamuphimba maso, ndipo wometa tsitsi amene ankasewera naye anali atayamba kale kumwetulira.

"Bambo, pulu si mfuti," anatero wometayo. "Ingogonjani, palibe akusekeni."

Pabenchi panakhala Kanyimbi, mnzake wa Sajeni wa ku usilikali, amene kwa zaka khumi ankagona chafufumimba pambali pake m'fumbi, n'kumamuuza poloza mfuti. Chimugwirireni sitiroko, Kanyimbi sankalankhula kawirikawiri. Koma apa anadzuka, nakoka mwendo mpaka kukaima kumbuyo kwa Sajeni.

"Kumanzere pang'ono," ananong'ona. "Basi, pomwepo. Tulutsa mpweya. Usapupulume, mbuzi iwe."

Sajeni anali asanatukwanidwe chotero kwa zaka makumi atatu. Anachita ngati akumvanso fungo la mafuta opukutira mfuti ndi kutentha kwa dzuwa pamsana. Anatsinzina, natulutsa mpweya, nakankha ndodo.

Mpira unagubuduka mwaulemu, n'kukaima pakamwa penipeni pa dzenje.

"Waphonya," anatero Kanyimbi.

"Wandisocheretsa ndiwe!"

"Ine? Dzanja lako ndi limene lakalamba!"

Anakangana mpaka Kanyimbi anaseka, kuseka kokhotetsa pakamwa kumene ngakhale mkazi wake anali atakuiwala.

Sajeni anapukuta m'maso ndi chala cha choko, natembenukira kwa wometa uja.

"Mwanawe, ikanso mipira. Ndipo uyu umubweretsere mpando pafupi ndi ine."