Mthunzi wa a Dzonzi ndi Sitima

Nkhaniyi anandiuza ndi a Dzonzi eni ake, pa kasiteshoni kena komwe miyendo yanga yosamvayi inandifikitsa.

Akuti kwawoko nthawi ya sitima imaikidwa ndi kompyuta. Imaona mmene munthu aliyense amayendera, n'kupanga mthunzi wake m'kompyutamo, n'kumauyesa pa ulendo wopita kusiteshoni. Mithunzi ikamasiyidwa ndi sitima, siteshoni imatsekedwa poti ilibe okwera.

Mthunzi wa a Dzonzi unali usanakwerepo. Unkaima pakhomo lililonse kupereka moni, kufunsa za odwala ndi mbuzi zomwe, mpaka mithunzi ya mudzi wonse n'kuchedwa nawo.

"Bambo a Tadala, siteshoni ikatsekedwa tomato wanga wogulitsa kutauniyu mudzadya nokha," anatero akazi awo, a Nasimango. "Kuyambira mawa moni ndi wokweza dzanja basi."

"Ngakhale kwa apongozi?"

"Amayi ndawauza kale. Akuti nawonso apumako."

Anayamba kuyeserera pabwalo. Mayiwo ankakhala ngati mnansi n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji?" Bambowo ankadutsa ataluma mlomo, thukuta lili kamukamu. Anthu anati a Dzonzi ayamba matama, koma mthunzi unakwera sitima, siteshoni n'kupulumuka.

Ine nkhaniyi ndikuikayikira. Munthu wochira matenda a moni sakanandigwira dzanja kuyambira poyamba nkhani mpaka pothera. Ndipo ineyo, amene ndimadzitama kuti masiteshoni ndimawadziwa, ndinali ndikufunsabe kuti, "Nanga tomato uja anagulidwa?" pomwe sitima yanga inkanyamuka.