Kulanti Wapinki

Galimoto yawo itawira pamsewu, mkazi wa makaniko anafika pagalaja akuyenda wapansi, thukuta lili kamukamu. Anapeza amuna ake atawerama pa injini ya galimoto yofiira. Mwini wake, mayi wonunkhira perefyumu, anali atatsamira chitseko, akuseka.

Bamboyo anali ndi mabotolo awiri a kulanti, madzi oziziritsa injini, lina lobiriwira, lina lapinki.

"Yanuyi imafuna wapinkiyu, mayi. Injini yake siichedwa kukhumudwa, musadzasakanize ndi wina," anatero, akuthira pang'onopang'ono ngati akumwetsa khanda.

Mawu ofewa chonchi mkazi wake anali asanawamvepo kunyumba.

"Bambo a ana, nanga yathu ija mumathiramo mtundu uti?"

Bamboyo sanadzutse n'komwe mutu. "Ija ndi yopirira. Madzi apampopi amakwana."

Mayi uja anabisa kamwa ndi dzanja.

Mkazi wa makanikoyo anayandikira, n'kulanda botolo lija lisanathe. Analitseka bwinobwino, n'kuliponya m'chikwama chake.

"Zopirira nazonso zimawira, bambo. Amayiwa muwamalizire ndi apampopi."