Asachoke

Woyimbira atangoliza wezulo yomaliza, kochi anatola chikwama chake n'kuyamba kulowera kuchipinda chovalira. Timu yake inali itatenga chikho ndi chigoli chimodzi, koma m'makutu mwake munkalira nyimbo yomwe ija imene masapota anakhala akumuyimbira mwezi wathunthu: "Achoke! Achoke!"

Sanacheuke n'komwe. Kalata yosiya ntchito inali kale m'thumba la jekete, itanyowa ndi thukuta.

Goloboyi anamuthamangira n'kumugwira mkono, magolovesi ali matope okhaokha.

"Kochi, mukupita kuti? Tamvetserani bwino!"

Anaima n'kutchera khutu. Bwalo lonse linkagwedezeka.

"Asachoke! Asachoke!"

Wotsogolera nyimboyo anali bambo wachipewa chofiira yemwe uja amene anamugenda ndi botolo sabata yapitayo. Lero misozi inali chuchuchu m'masaya mwake.

Wapampando wa timu anafika ali wefuwefu, mano onse ali pamtunda. "Achimwene, ine sindinakukayikirenipo ngakhale tsiku limodzi!"

Kochi anatulutsa kalata ija n'kupatsa goloboyi kuti apukutire magolovesi. Kenako anatambasula manja.

"Ndinyamuleni msanga, anyamata," anatero, "ka 'sa' kameneka kasanagwe."